Nkhope Yoyera pa Khomo la Buanga

Chimene chinayamba kudabwitsa anthu a ku Kitsasa ndi dothi loyera. Mayi Buanga atatsegula chitseko m'mamawa kuti apite kumtsinje, anapeza mpemba itapakidwa pachitsekopo, mizere yotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati munthu wapukutirapo zala. Mpemba sitisewera nayo kwathu kuno ku Mayombe. Ndi dothi la anthu akufa, limene sing'anga amadzola m'zikope akafuna kuona zobisika, ndipo palibe amene amalipaka pakhomo pa mnzake popanda mlandu.

Mwana wawo Umba, amene anabwerera kudzakhala ndi mayi ake ukwati utatha, anatenga chiguduli ndi madzi n'kuyamba kukhula chitsekocho akukalipa.

"Ana a yani opanda mwambo chonchi? Ndikangomugwira mmodzi, ndimukoka khutu mpaka kwa amake!"

"Pukuta mwakachetechete, iwe," anatero mayi Buanga chapansipansi. "Si ana amenewo."

"Nanga ndani?"

Mayiwo anasenza mtsuko n'kumapita, koma amayi ena amene ankasesa panja anali ataona kale, ndipo nkhani inafika kumtsinje iwo asanafike.

Pamudzipo chinthu choyenda ndi mpemba chinali chimodzi chokha, ndipo mwini wake anali m'manda. A Nzau, mlongo wawo wamkulu wa mayi Buanga, anali sing'anga wa fuko lonse mpaka dzinja lapitalo pamene chifuwa chinawatenga. Tinawaika monga mwa mwambo. Pamwamba pa manda tinasanjapo mbale zawo, kapu ndi beseni, chilichonse titachiboola pansi ndi msomali kuti chikhale cha wakufa, chisadzatumikirenso amoyo. Dibu lawo, belu lamtengo lija ankaliza poyenda pa ntchito yawo, tinawamangirira padzanja n'kuwakwirira nalo. Chigoba chawo chokha ndicho chinatsala m'kachisi kuseri kwa nyumba, chitakulungidwa m'nsalu ya chiwale, kudikira kuti fuko lisankhe wochilowa. Nkhope yake inali yoyera mbuu, maso ali mabowo awiri, kukamwa kuli yasa, mano osongoka ali poyera. Ntchito yake ngakhale mwana ankaidziwa. A Nzau akachivala n'kudzikuta masamba ouma a nthochi thupi lonse, chinkazungulira mudzi, ndipo khomo limene chaimapo ndilo linali la mfiti.

Tsono masiku amenewo pamudzipo panali mwana wodwala. Anali Pholo, mwana wamkazi wa Vangu, ndipo Vanguyo anali mlongo wamng'ono wa mayi Buanga. Vangu anali mlenje, ndipo a Nzau atamwalira ndiye anakhala mwinimbumba, ngakhale kuti mpando umenewo unamukulira. Anali munthu wa mano panja, woseka ndi aliyense, wovomera chilichonse, koma mantha ali tho mumtima. Pholo anayamba ndi mutu, kenako timitsempha ta m'khosi tinatupa, kenako n'kumangogona masana onse, kusinza chakudya chili m'kamwa. Umba analankhula mpaka mawu kusasa kuti mwanayo apite naye kwa masisitere ku mishoni, kumene amabaya jekeseni ya matenda akugona. Palibe anamumvera. Mkazi wobwerera kuukwati amamveredwa ndi ndani?

Amene anabwera ndi a Phanzu, malume a mwanayo, atatsogolera amuna a kwawo. Anakhala pakhonde pa Vangu osalandira ngakhale moni bwinobwino.

"Alamu, mwanayu tinakusungitsani ali wonenepa," anatero a Phanzu. "Taombeza kwathu, ndipo ula wanena kuti womudya ndi wa magazi anu. Akulu mwatsala awiri, inu ndi achemwali anu. Mutiuze ndani, apo ayi nkasa mumwa nonse."

Nkasa boma la azungu linali litaletsa, koma boma linkakhala kutali ku Tshela, ndipo mtengo wake umamera m'nkhalango muno. Khungwa lake akalisinja n'kumwetsa munthu, wosalakwa amasanza, wolakwa amagwa n'kufa. Timatero ponena. Koma nkhalamba yofooka ngati mayi Buanga, ilakwe isalakwe, kawirikawiri sidzukapo.

Vangu anaseka kuseka kopanda pake, nathirira alendo uchema mpaka wina kutayikira pansi. M'mawa mwake ndi mmene mpemba inapezeka pachitseko cha mlongo wake.

Usiku wotsatira Umba sanagone. Kunalibe mwezi, ndipo mdima wa m'nkhalango ukagwira, munthu suona ngakhale chikhatho chako. Achule anali kulira kudambo, kenako analeka onse pamodzi. Pamenepo ndi pamene anamva phokoso la masamba ouma, fwaa, fwaa, likuchokera cha kukachisi, lochedwa ngati la munthu wokoka mtolo wa udzu. Pakati pa phokosolo munali dibu, likulira kamodzikamodzi, kolo, kolo. Linadutsa nyumba ya Vangu osaima. Linadutsa nyumba za ena osaima. Litafika pakhomo pawo linangoti zii, ndipo Umba anamva mpweya wa chinthu chopuma kuseri kwa chitseko, ndi zala zikutsika pathabwa pang'onopang'ono.

Anasuzumira pa kampata ka m'khoma. Nkhope yoyera inali lende mumdima, yopanda khosi, yopanda thupi looneka, mano ali poyera.

"Amayi," ananong'ona Umba, "amalume a Nzau adzuka."

"Gona," anayankha mayiwo ali chigonere, nkhope italoza kukhoma. "Dibu limenelo si la achimwene anga. Lawo linkalira ngati mtondo. Ili n'lopepuka."

"Ndiye mawa mukanene!"

"Ndikanene kwa yani? Mfiti ikati dibu si limenelo, ndani angaimvere?"

Chinthucho chinabwera usiku umenewo, ndi wotsatira, ndi winanso. Manong'onong'o anakula kuposa chinthucho. Wina anati anachiona chikutuluka m'madzi kumtsinje chikudontha. Wina anati manda a Nzau ang'ambika, koma atamufunsa ngati anapitako, anati iye si wamisala. Amayi amene mayi Buanga anawabereketsa ndi manja awo anayamba kubisa ana kumsana akawaona. Chikwanga, nsima ya chinangwa imene Umba ankakulunga m'masamba kukagulitsa kumsika, chinkabwerera chonse, chifukwa palibe ankafuna kudya chophikidwa m'nyumba imeneyo. Anthu ndi oipa mtima akachita mantha, ndipo a ku Kitsasa anaipa mofulumira kwambiri moti mpaka lero zimandinyansa. Mayi amene anasambitsa maliro a mudzi wonse, lero ankapita kumtsinje okha, ndipo akatungapo madzi ena ankadikira kuti madziwo apite kaye.

A Phanzu anagamula kuti mayi Buanga amwe nkasa pa tsiku la msika wa Nkenge, m'bandakucha, kuseri kwa dambo. Anati usiku womaliza agona pamudzipo ndi amuna a kwawo kuti achione okha chigobacho, kuti pasadzakhale wonena kuti anapha munthu pa mawu a akazi.

Masana a tsiku lomaliza nkasa isanamwedwe, Umba anapita kwa Vangu mtima ukuwira. Anamupeza pakhonde akusongola mpini wopanda ntchito.

"Amalume, mwinimbumba ndinu. Mlongo wanu akumumwetsa nkasa mawa, inu muli pano kusema timitengo?"

"Mwana iwe, tsitsa mawu," anatero Vangu akumwetulira, maso ali kumbali. "Ine ndingatani? Akufa alankhula. Ukufuna ndikangane ndi a Nzau?"

"A Nzau anali mwamuna! Akanakhala moyo, a Phanzu akanabwerera pamlatho pomwe. Inu mwangoti ee, ee, ngati mwana wogwidwa ndi nyama m'manja."

"Ngati achemwali ali oyera, asanza. Ukuopa chiyani?"

"Asanza ndi chifuwa chiti? Mwawaona mmene akuyendera? Amene anakuberekani kumsana agogo atamwalira, inu muli kamwana ka mamina!"

"Choka pakhomo panga," anatero Vangu, kumwetulira kutatha. "N'chifukwa chake mwamuna anakubweza. Pakamwa ngati tsabola."

Umba anatembenuka kuti azipita, koma anamva kukanda kuseri kwa khitchini. Atasuzumira anaona Ngandu, galu wosakira wa Vangu, atamangidwa ndi chingwe pa nsanamira. Chingwecho chinali chitamusupula khosi, ndipo dothi lozungulira nsanamirayo linali litakumbikakumbika. Umba anaima. Chibadwire chake anali asanaonepo mlenje akumanga galu wake ngati mbuzi. Anakweza maso kuyang'ana pa chikhomo cha pakhonde, pamene Vangu ankakoleka zida zake. Ukonde unalipo, mkondo unalipo, koma dibu la galu panalibe.

Agalu athu sauwa. N'chifukwa chake mlenje aliyense amasemera galu wake dibu, n'kumamumangirira akamalowa m'nkhalango kuti azimva kumene wathamangira. Galu amalidziwa dibu lake kuposa dzina lake, ndipo akangolimva likulira amapenga, chifukwa amadziwa kuti kukubwera nyama. Umba anakumbukira kuti usiku uliwonse chinthu chija chikamayenda, kwinakwake kunkamveka galu akulira mopyapyala, ndipo anthu ankati ndi chifukwa chakuti galu ali ndi maso anayi, amaona za akufa. Anabwerera kwawo osalankhula ndi munthu, mano atawaluma, misozi yaukali ikutsika yokha. Sanawauze kanthu mayi ake. Anangotenga mpeni wosendera chinangwa n'kuunola.

Kutada a Phanzu ndi amuna a kwawo anabisala pansi pa mtengo wa nsafu moyang'anana ndi khomo la mayi Buanga, atavundikira nyali ndi dengu. Mudzi wonse unali maso m'nyumba zotseka. Umba anatulukira pa zenera la kumbuyo, nakwawa m'munda wa chinangwa mpaka kuseri kwa khitchini ya Vangu. Galuyo anamununkhiza dzanja, nanyambita. Umba anakhala naye pansi atamugwira khosi, udzudzu ukumudya, mpaka achule analeka.

Fwaa, fwaa. Kolo, kolo.

Thupi lonse la Ngandu linanjenjemera. Anakoka chingwe, nayamba kulira kuja, miyendo ikupalasa dothi. Umba anadikira mpaka dibu litaima pakhomo pa mayi ake, ndipo pamenepo anadula chingwecho.

Amuna a pansi pa nsafu anali ataona kale nkhope yoyera, ndipo ena anali atayamba kubwerera chammbuyo. Kenako anaona kanthu kofiirira kakudutsa pabwalo ngati muvi. Galu akaona mzimu amagona pansi, makutu n'kuwapinda. Uyu ayi. Anafika n'kulumphira chinthucho pachifuwa, mchira wopindika uja ukugwedezeka, akulira ndi chimwemwe, akufunafuna dibu lake m'masamba, akunyambita dzanja limene linaligwira.

"Choka! Ngandu, choka!" chinanong'ona chigobacho, chikukankha galuyo ndi phazi.

"Vundukulani nyali, a Phanzu!" anakuwa Umba akuthamanga kuchokera kumunda. "Vundukulani muone mzimu wodziwa dzina la galu! Amalume a Nzau analibe galu!"

Dengu linagubuduzika, kuwala n'kugwa pa masamba a nthochi ndi pa mapazi awiri a munthu, a zikang'a, opaka fumbi la pamudzi pomwepo. Chinthucho chinayesa kuthawa, koma galu anali m'miyendo, ndipo chinagwa chagada. Palibe mwamuna analimba mtima kukhudza chigobacho. Anachikhudza ndi Umba, mkazi, amene mwambo sumulola ngakhale kuyandikira kachisi. Anachizula ndi manja onse awiri, ndipo pansi pake panali nkhope ya Vangu, thukuta lili chuchuchu, zala zili mbuu ndi mpemba.

"Amalume!" anatero Umba mwaukali. "Mwadzuka bwanji kumanda? Kuli bwanji kumeneko? Chikwanga akukupatsani?"

Zitseko zinatseguka, anthu n'kutuluka ndi miyuni. Amene dzulo ankabisa ana ndiwo anali patsogolo kutukwana, ngati kuti iwo sanakhulupirirepo.

"Ndinalibe pothawira," analira Vangu atagwada. "Munati timwa tonse. Ine ndili ndi ana, a Phanzu. Achemwali akalamba kale, masiku awo atha. Ndinati ngati mmodzi ayenera kupita..."

Sanamalize. Umba anamulavulira kumaso.

A Phanzu anayang'ana chigobacho, chimene chinali pansi nkhope italoza kumwamba. Kenako anati, "Nkasa tasinja kale, ndipo sibwerera m'mtondo. Chigoba chasankha. Tachipeza pankhope pa yani?"

Pamenepo chitseko chopakidwa mpemba chija chinatseguka, mayi Buanga n'kutuluka atafunda nsalu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene panagwada mlongo wawo. Sanamumenye, sanamutukwane.

"Vangu," anatero, "phazi lako lamanzere umalikokabe. Ndinakuphunzitsa kuyenda ndine, ndipo ndinalephera kukuletsa."

Umba anawayang'ana. "Amayi, munkadziwa?"

"Usiku woyamba womwe."

"Munkadziwa, n'kungokhala chete? Mukanamwa nkasa chifukwa cha fisi uyu? Nanga ine? Mukanandisiyira yani?"

"Ndikanati ndimutchule, akanamwa ndi iye," anayankha mayiwo. Anatembenukira kwa a Phanzu n'kunena kuti, "Mwanayo mupite naye kwa masisitere kukacha. Mwatayira masiku pa ife akuluakulu, iye akungogona."

Amuna anamutsekera Vangu m'khitchini mwake, pafupi ndi pamene ankamangirira galu, naikapo mlonda kudikira m'bandakucha. Chigoba anachinyamula akuluakulu ndi ndodo ziwiri, nachibwezera m'kachisi, ndipo dibu la galu a Phanzu analiponya pamoto anthu onse akuona. Koma tambala asanalire Vangu anaboola khoma la kumbuyo n'kulowa m'nkhalango, Ngandu ali pambuyo. Ena amati mlonda anagona, ena amati anaona mayi wokalamba akudutsa cha kumeneko ndi khasu. Umba sanafunse. A Phanzu anataya nkasa kudambo, namunyamula Pholo pa machira ulendo wa ku mishoni.

Tsiku lonselo anthu ankabwera pakhomo pa mayi Buanga ndi timphatso, uyu nthochi, uyu chigwada chosinja kale, maso ali pansi. Umba ankawalandirira panja.

"Ikani pomwepo. Musalowe, mungadyedwe."

Usiku umenewo mayi ndi mwana anagona msanga, aliyense atafulatira mnzake, chifukwa mkwiyo wa Umba unali usanaphwe. Tulo tinali titangoyamba kumutenga pamene achule analeka onse pamodzi.

Panalibe phokoso la masamba, panalibe la mapazi. Kunali dibu lokha, likuchokera cha kumanda, lolemera, lakuya, ngati munsi ukugwa mumtondo wopanda kanthu. Gudu. Gudu. Linakhota cha kukachisi, n'kukhalako kanthawi, kenako linalowa pabwalo. Agalu onse a pamudzi anali chete. Umba anasuzumira pa kampata kaja ndipo anaona galu wa pa nyumba yoyandikana nayo atagona chafufumimba, makutu atawapinda, mphuno ili m'dothi.

Mayi Buanga anali atakhala tsonga pamphasa.

"Limenelo ndilo la achimwene anga," ananong'ona. "Usatsegule."

Mantha anamugwira Umba, koma ukali unali pamwamba pa mantha. Anamenya khoma ndi chibakera.

"Munali kuti masiku onsewa?" anakuwa. "Mlongo wanu akumuloza zala, nkhope yanu akuisewera ngati chidole, inu munali kuti? Mwabwera lero zitatha?"

Dibu linaima. Linaima pakhomo pomwepo, ndipo nyumba yonse inazizira ngati m'mphepete mwa mtsinje m'mamawa. Mayi Buanga anagwira mkono wa mwana wawo mpaka zikhadabo kulowa. Palibe chinakhudza chitseko. Patapita kanthawi, gudu, gudu, linayambanso, n'kudutsa nyumba ya Vangu, n'kutsata kanjira ka alenje kolowera m'nkhalango, osafulumira, mpaka linazilala m'mitengo.

Kutacha akuluakulu anapeza nsalu ya chiwale ili m'kachisi itapindidwa bwinobwino, chigoba mulibe. Dzuwa lili pamutu Ngandu anatulukira yekha, mchira uli pansi, nalowa pansi pa nkhokwe n'kukana kutuluka. Amuna anakasaka m'nkhalango mpaka kutopa, koma sanapeze ngakhale nsanza.

Madzulo Umba anamva kukhoma kuseri kwa nyumba. Atazungulira anapeza mayi ake atakhala pansi, mbale ya Vangu ya malata ataivundikira pa mwala, msomali uli pakati pake, akuukhoma ndi chitsulo cha nkhwangwa. Pambali panali kapu yake, yobooledwa kale.

"Mukumuboolera mbale munthu amene anakusinjirani nkasa?" anatero Umba. "Musiyeni akadyere m'manja kumene wapitako!"

Mayi Buanga sanakweze mutu. Anakhomanso, msomali n'kulowa, ndipo anakweza mbaleyo kuyang'ana kuwala kodutsa pa bowolo.

"Ankadya pang'onopang'ono ali mwana," anatero. "Anzake ankamulanda. Ndinkachita kumupatulira yake."